Mabatani a Mbuya Wanga

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata. Ndikuona nkhope zambiri muno za anthu amene ntchito yangowathera kumene, ndipo ena mwa inu mwabwera chifukwa akazi anu achita kukukankhani. Musachite manyazi, inenso tsiku loyamba anachita kundikoka. Ine ndine Tembo, kwathu ndi ku Katete, koma ndakalambira muno mu Kanyama. Ndisanayambe, ndipinde kaye mkono wa malayawu kuti muone ichi. Chipsera ichi chinandimwetsa kachasu waulere wochuluka zedi. Mmene chinabwerera ndikuuzani kumapeto, chifukwa ndikanena tsopano museka, zinazo simumva.

Ndinkagwira ntchito yokonza makina pa fakitale ina yoluka mabulangete, uko ku mafakitale. Zinali zaka zija zoima pamzere. Sopo pamzere, mafuta ophikira pamzere, ufa pamzere, ndipo ukafika kutsogolo amakuuza kuti zatha. Malipiro ankasungunuka usanafike nawo kunyumba. Pa fakitalepo, munthu amene anzake ankamumvera ndinali ine. Bwana akatikalipira, woyankha ndinali ine. Nyimbo yonyoza akapitawo, woyambitsa ndinali ine. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, sindikubisirani.

Kenaka kunabwera Mulenga, Mbemba wa ku migodi, wamtali, woonda ngati nsungwi, ndipo anamuika kolongedza mabulangete. Chimbuya chathu mukuchidziwa nonse, ife a kummawa ndi Abemba. Timanyozana mmene tingafunire, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Maliro akagwa kwa iwo ntchito yonse timagwira ndife, akagwa kwa ife amagwira ndiwo. Tsiku loyamba lomwe ndinamufunsa Mulenga ngati nyani wake wamusiya pageti, iye anati wamusiya akulondera mbewa zanga. Tinaseka, ndipo kuyambira pamenepo tinkaitanana kuti mbuya.

Vuto linali lakuti mbuya wangayu ankadziwa kulankhula. Nthawi ya chakudya tinkakhala kuseri kwa boila, iye nkutulutsa timabuku tong'ambika tomwe anachoka nato ku migodi. Ndi kwa iye kumene ndinamva bwino mawu akuti sosholizimu. Pa wayilesi akuluakulu a boma ankawanena tsiku ndi tsiku, koma tinkangowamva ngati kulira kwa makina. Mulenga ankawaika m'manja mwako. Ankanyamula bulangete nkutifunsa kuti ulusi waluka ndani, makina wakonza ndani, walongedza ndani. Tikayankha kuti ndife, ankafunsa kuti nanga usiku ana athu amafunda chiyani. Ambiri a ife ana ankafunda masaka. Ankati chuma chimatuluka m'manja mwa wantchito, ndiye wantchitoyo ayenera kukhala ndi mawu pa kagawidwe kake, ndipo munthu mmodzi akalira yekha amachotsedwa, koma onse akaima pamodzi makina amaima nawo.

Zonsezo zinali zoona, ndipo ndi chimene chinkandiwawa. Ine ndinakhala ndikuwakalipira mabwana zaka zambiri osatha kunena zinthu mwadongosolo chotero. Anzanga amene ankakhala mondizungulira anayamba kutembenuzira zitini zawo zokhalira kwa Mulenga. Ndikafika kunyumba, mkazi wanga, amake Tisa, m'malo mondifunsa mmene ndaswerera ankafunsa kuti lero ba Mulenga anena zotani. Nsanje inandilowa pamenepo, koma sindinaitchule dzina. Ndinkati ndi chimbuya chabe.

Zinthu zitafika poipa tinagwirizana zochita sitalaka, kunyanyala ntchito mpaka malipiro akwere. Tinasankha komiti, ine ndi Mulenga tili momwemo. Apo iye anabweretsa kachitidwe ka ku migodi. Anati mtsogoleri mmodzi sapita kugeti, amatsala kumbuyo, kuti ena akamangidwa kapena kuvulazidwa pakhale wina woyang'ana mabanja awo. Anzanga onse anandiloza ine. Anati mkazi wanga ali ndi pakati, nyumba za antchito ndikuzidziwa zonse kuyambira Kanyama mpaka Matero, ndipo manja anga amatha kukonza chilichonse. Iwo ankandilemekeza, koma ine ndinamva kuti andichotsa. Ndinaimirira nkunena kuti wodya anyani uyu akufuna kuti pa chithunzi akhalepo yekha. Onse anaseka, Mulenga nayenso anaseka. Ine ndekha ndi amene ndinkadziwa kuti sindikuseka.

Tsiku la sitalaka ndinakhala pakhonde ngati nkhuku yofungatira. Dzuwa litakwera ndinamva kuphulika chapatali, kenaka anthu anayamba kutulukira m'tinjira ta komboni akuthamanga, opanda nsapato, maso ali psu, ena magazi ali chuchuchu kumutu. Zimene zinachitika ndinachita kumva kwa iwo. Antchito anakhala pansi pageti akuimba. Bwana anatuluka nkuwauza kuti fakitaleyo ndi ya boma, ndiye kuti ndi ya anthu, choncho wonyanyala akudzinyanyalira yekha. Mulenga anayankha kuti ngati ndi ya anthu, anthuwo ndi awa, atsegulireni mukambirane. M'malo motsegula geti kunabwera malole a apolisi. Anaponya utsi wokhetsa misozi, anamasula agalu, zibonga zinagwa pa aliyense, amuna ndi akazi omwe, ndipo pamapeto pake mfuti zinalira. Ena amene ndinkadya nawo kuseri kwa boila sanadzukenso. Mulenga anagwira zitsulo za geti nkukana kusiya. Anamumenya manjawo pa chitsulo pomwepo mpaka zala zinaphwanyika, kenaka anamuponya m'lole.

Tonse a komiti ntchito inatha, ndi ine ndemwe amene sindinapite. Masiku oyamba ntchito yanga ya kumbuyo ndinaigwira ndithu. Ndinayenda m'zipatala, ndinathandiza kuika maliro, ndinapempha ufa m'matchalitchi nkugawira amasiye. Palibe anandiombera m'manja, ndipo ndinayamba kuwerengera zimenezo mumtima.

Mulenga atatulutsidwa, komboni yonse inakamuchingamira. Amayi anaimba nthungululu, amuna anamunyamula pamapewa, manja ake okulungidwa nsalu ali m'mwamba. Ine ndinaima kumbuyo, thupi langa lili bwinobwino, lopanda ngakhale kokalika. Wina anandifunsa kuti, "Nanga imwe ba Tembo, munali kuti?" Ndinafotokoza za komiti, iye anangoti oho. Posakhalitsa ndinamva manong'onong'o akuti mwina ndine shushushu, kazitape wa boma, chifukwa atsogoleri onse anamenyedwa kupatula ine. Abale anga, ndinamuchitira nsanje munthu chifukwa cha zala zothyoka. Ndinkagona ndikulakalaka kuti zibonga zija zikanagwa pa ine.

Kuchoka apo zinayenda mofulumira. Ndinasiya kuyendera amasiye. Ndinapeza shabini yogulitsa kachasu ku komboni ya George kumene sankandidziwa, ndipo tsiku lina nkhani ya sitalaka itabuka ndinapinda malaya nkuonetsa chipsera ichi, ndati ndi galu wa apolisi pageti. Botolo linabwera lokha. Mawa lake nkhaniyo inakula, galu anakhala agalu, ndipo geti lija ndinaligwira ndine. Zida zanga za ntchito ndinagulitsa chimodzichimodzi, masipanala, nyundo, mpaka bokosi lomwe. Mwana atabadwa, amake Tisa anapirira, koma tsiku limene ndinagulitsa bulangete la khandalo ananyamula ana nkupita kwa mkulu wake ku Mtendere, nayamba ntchito ya m'nyumba kumayadi. Ine ndinkadzuka pena m'ngalande, pena pakhomo la munthu, agalu akundinunkhiza.

Koma choipitsitsa sichinali mowa. Chinali chimene ndinachita ndi chimbuya. Paliponse pamene ndamupeza Mulenga pali anthu, pamsika, pamaliro, pamzere wa ufa, ndinkamulasa. Ndinkati anagulitsa zala kuti agule dzina. Ndinkati ndi manja akewo anyani amuzindikira kuti ndi m'bale wawo. Ndinkati anatitsogolera kumfuti ndi timabuku take, ana a eni ake ali m'manda, iye akudya ulemu. Anthu ankaseka mpaka kugwira m'mimba, amvekere mbuya uyu ndi woopsa. Mulenga nayenso ankaseka, chifukwa mwambo sumulola kukwiya. Ndinapeza malo amene ndikanatha kumubaya munthu masana, anthu akuwomba m'manja, iye osaloledwa kulira. Ndipo ndinkabwerera kukamwa ndili wokhutira.

Tsopano ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene Mulungu anandigwira.

Inali nthawi ya mvula, Kanyama atasefukira mmene mumamudziwira, madzi mpaka m'maondo. Ndinamva kuti antchito a mafakitale ena akonza msonkhano wokumbukira amene anafa pageti, ndipo aitana Mulenga kuti akalankhule. Ine sanandiitane. Ndinadzuka m'mawa mowa wa dzulo udakali m'mutu, ndati ndikamuyambe kunyumba kwake asananyamuke. Ndinaganiza kuti ndikapeza anthu ambiri omuperekeza, ndipo mawu ndinali nditawanola kale.

Sindinapeze munthu. Mkazi wake, bana Chanda, anali atalawirira kumsika kukagulitsa tomato, ana ali kusukulu. Mulenga ndinamupeza kuseri kwa nyumba, ataima pa njerwa zimene anaika m'madzi, atavala malaya oyera osamanga. Ankalimbana ndi batani. Zala zake zinapola zitapindikira m'kati, ndiye ankalikankha ndi mfundo za zala, likaterereka nkuligwira ndi mano, likapulumuka nkuyambiranso. Thukuta linali kamukamu pamphumi, m'mawa wozizira.

Ndinayamba nthabwala zanga. Ndinati ngwazi ya antchito onse yagonja ndi batani. Ndinadikira kuseka, koma panalibe woseka. Kunkangomveka achule. Ndinawonjezera ya anyani ija, ndipo ndinaimva ndekha mmene inkamvekera popanda anthu. Sichinali chimbuya, chinali chidani.

Mulenga anasiya batanilo nkundiyang'ana. "Mbuya, pano palibe oseka. Kamba chabe vamene vili mumtima."

Iye anandiuza modekha kuti nkhani ya chipsera changa ankaidziwa kalekale, chifukwa mayi wogulitsa kachasu ku George anali wachibale wa bana Chanda. Sanaiulule kwa aliyense. Anati ankadikira kuti nditope ndekha. Kenaka anakweza manja aja pafupi ndi nkhope yanga, kuti ndiwaone bwino, chifukwa nthawi yonseyo ndinkawanyoza koma ndinali ndisanawayang'anitsitse.

"Ufuna dzina langa? Tenga, mbuya, unipatse manja yako. Kuchokera pa geti paja sininanyamulepo mwana wanga. Kusamba, anisambika mkazi. Nikakuona iwe wagwira botolo na manja yabwino so, mtima umaniwawa. Nsanje nili nayo ine."

Mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira. Ine ndimayesa kuti wansanje m'komboni monse ndine ndekha. Ndinafuna kuyankha kuti anandichotsa dala pa tsiku lija, koma iye anandidula. Anati sanandisiye kumbuyo chifukwa chondipeputsa. Anati aliyense amene anapita kugeti ankadziwa kuti mwina sabwerako, ndipo anafunsana kuti ana athu tingamusiyire ndani, dzina limene linatuluka linali langa. "Tinakusiyira bana bathu," anatero, "iwe unafuna vibonga."

Ndinaima m'madzi muja, nsapato zitanyowa, ndikulira ngati mwana. Iye sananditonthoze. Anangoti nthawi ikutha, ndimumangire mabatani.

Ndinayandikira nkugwira batani loyamba. Abale anga, manja anga, amene ankamasula makina oluka nkuwabwezera osatsala ndi kanati kalikonse, ankanjenjemera ndi kachasu moti batani silinkalowa. Ndinayesa, linapulumuka. Ndinayesanso, ndinatsala pang'ono kulidula. Amuna awiri akuluakulu, atsogoleri a sitalaka, malaya amodzi anatikanika. Pamapeto ndinamanga ena mokhotakhota, kolala ili mbali, ndipo anapita kumsonkhano choncho. Akunyamuka anatembenuka nkunena kuti, "Ubwere mailo kuseni, ukalibe kumwa. Wodya mbeba iwe." Chimenecho ndiye chinali chimbuya chenicheni, ndipo ndinali nditaiwala kukoma kwake.

Mmene ndinabwererera si zodabwitsa ayi, ndipo mukhoza kuzichita inunso. Mawa lake ndinapita ndisanamwe, manja akunjenjemerabe koma pang'ono. Ndinamumanga mabatani, ndinamumeta ndevu, nkumucheka pachibwano, iye nkunditukwana. Tsiku linalo ndinapitanso. Kuti ndifike m'mawa manja ali bwino, ndinayenera kuchepetsa madzulo, ndipo kuchepetsako kunafika posiya. Sindikunamizani kuti sindinagwe. Ndinagwa kangapo, ndipo ndikagwa Mulenga ankakhala pakhomo malaya ali pululu mpaka ndifike, kuti komboni yonse ione kuti Tembo wamwa. Njira ya ku George ndinaisiya. Ndinapitako kamodzi kokha, masana, kukawauza a m'shabini muja kuti galu uja kunalibe. Ena anaseka, ena anandithira mowa kumaso, ndipo zonse ziwiri zinandiyenera.

Ndinatenga mkulu wa mpingo nkupita ku Mtendere kukapepesa. Amake Tisa anandilandira pakhomo, sanandilowetse. Anati misozi yanga anaiona kale kambirimbiri, ndidzabwere ndikadzakhalanso ndi nyundo. Ndinabwereka nyundo ndi chodulira malata, nkuyamba kutola migolo yakale kuseri kwa mafakitale. Ndinkapanga mbaula, ndowa ndi mabeseni. Kugulitsa sindinkatha, nkhope yanga inkathamangitsa ogula, ndiye Mulenga anati pakamwa pakhale pake, manja akhale anga. Anzathu ena ochotsedwa ntchito anabwera, ndi amayi amasiye a anzathu aja, wina wotola migolo, wina wopaka utoto. Tinagwirizana kuti zimene tapeza tizigawana mofanana.

Mukuganiza kuti nsanje inatha? Inabwera pa kugawana koyamba komwe. Ine manja ali matuza okhaokha, iye wangolankhula tsiku lonse pamthunzi, nkulandira zofanana. Koma tsopano ndinali nditaphunzira chinthu chimodzi, kuitchula dzina, osaibisa m'nthabwala. Ndinamuuza pamaso pa onse kuti mbuya, lero nsanje yandigwira. Anaseka mpaka kutsokomola, nati sosholizimu ya m'timabuku ndi yokoma, koma ya pa mbaula imaluma pang'ono. Kuyambira apo ikandigwira ndinkainena, ndipo ndinaona kuti ukainena imachepa mphamvu. Amake Tisa anabwerera tsiku lina osandiuza. Ndinangopeza ana akusewera pakhomo, iye akusesa, nkundiuza kuti denga likudontha.

Fakitale ija inadzatsekedwa, ndipo lero mukadutsapo mupeza udzu. Malipiro amene tinkamenyera sitinawaone. Ndikamufunsa Mulenga ngati manja ake sanapite pachabe, ankati pageti tinagonja ndithu, asakunamizeni wina, koma wonena kuti manjawo anapita pachabe aloze mwana wa mnzathu amene wagona ndi njala chiyambire mbaula. Ndinamumanga mabatani m'mawa uliwonse mpaka tsitsi lathu linachita imvi.

Atamwalira, pamaliro panabwera akuluakulu a mabungwe a antchito ndi magalimoto awo. Analankhula za geti, za manja, za ngwazi. Dzina langa palibe analitchula. Ndikuuzani zoona, nditakhala pa benchi paja, nkhalamba yonseyi, ndinamva kanthu kaja kakutukuka m'chifuwa, kakuti nanga ine. Koma maliro anali a Mbemba, ndiye ntchito inali yathu a kummawa, kukumba, kuphika ndi kuveka thupi. Bana Chanda anandiitana, maso atatupa, nkundipatsa malaya oyera atawasita. Anati, "Ba Tembo, anakamba kuti wina aliyense asagwireko. Ni imwe chabe."

Ndinalowa m'chipinda muja nkumuveka. Ndinayambira batani la pansi mpaka la pakhosi, ndipo manja sananjenjemere. Ndinamuwongola kolala, nkumuuza kuti wodya anyani iwe, lero wapita utatchena, usakandichititse manyazi kumeneko. Panalibe woseka, koma ulendo uno mawuwo ankamveka bwino. Nditatuluka, akuluakulu aja anali akulankhulabe, ndipo ndinapeza kuti sindikufunanso kalikonse kwa iwo.

Tsono chipsera chija. Ndinapsa ndili mwana ku Katete, titatentha tchire posaka mbewa, ndinagwera pa chitsa choyaka ndikuthamangitsa imodzi, ndipo mbewayo inathawa. Sekani, Mulenga anaseka sabata yathunthu. Ine ndamaliza, abale anga. Amene mukumwa chifukwa mnzanu ntchito yamutsalira inu yakutherani, kapena chifukwa wina akutchulidwa inu ayi, tikumane panja tikatuluka muno. Nyundo yachiwiri ndili nayo, ndipo migolo timayamba kutola m'mawa. Mubwere musanamwe.